Kuyeza dispersion m'timphete ta kuwala pogwiritsa ntchito laser: mafunso ndi mayankho

Mafunso otsatirawa ndi omwe amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ophunzira ndi akatswiri amene angoyamba kugwira ntchito ndi ma microresonator. Mukawerenga muona kuti ambiri mwa mayankhowa akubwerera ku nkhani imodzi, ya rula yoyezera frequency, kutanthauza kuchuluka kwa mafunde a kuwala pa sekondi imodzi. Kupeza pomwe kamphete kakumeza kuwala n'kosavuta. Chovuta ndi kudziwa molondola kuti laser inali pa frequency yanji pa nthawi yomwe kuwalako kunamezedwa.

Kodi microresonator n'chiyani kwenikweni?

Ndi kachipangizo kakang'ono, kooneka ngati mphete kapena kambale, komwe kuwala kukalowa kumangozungulira m'mphepete mwake maulendo ankhaninkhani kusanazilale. Tina timakhala ta mamilimita angapo, tina n'tating'ono ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Amatipanga ndi silica, magnesium fluoride, silicon nitride, lithium niobate ndi zina zotero. Pa tsamba lino tizingoti kamphete.

Mtundu umodzi wa timpheteti umadziwika ndi dzina loti whispering gallery, lomwe linachokera ku tchalitchi cha St Paul's mu mzinda wa London. M'chipinda chozungulira cha pamwamba pa tchalitchicho, munthu akanong'ona pafupi ndi khoma mawu ake amakwawa ndi khomalo mpaka kukamveka tsidya lina. Lord Rayleigh analemba za masamu a zimenezi mu 1910. Kuwala nako kumachita chimodzimodzi m'kamphete ka galasi.

Si kuwala kulikonse komwe kamphete kamalandira. Kamalandira kokhako komwe mafunde ake akukwanira ndendende m'njira yozungulirayo, popanda kotsalira. Frequency iliyonse yomwe yakwanira choncho imatchedwa resonance, ndipo mtunda wa pakati pa resonance imodzi ndi yoyandikana nayo ndi FSR (free spectral range). Kamphete ka silicon nitride ka mamaikuromita pafupifupi 23 kuchokera pakati kufika m'mphepete kamakhala ndi FSR ya pafupifupi 1 THz, yomwe ndi 1,000 GHz. Kokula kakhumi kuposa apo FSR yake imatsika kufika pa 100 GHz.

Nanga Q yomwe aliyense amatchula ija?

Q, kapena kuti quality factor, ndi nambala yosonyeza kuti kuwala kumakhalitsa motani m'kamphete. Ikakwera, resonance imakhala yopyapyala. Kuwala kwa 1550 nm kuli pa 193 THz, choncho kamphete ka Q ya 1 miliyoni kali ndi resonance yotambalala 193 MHz, pomwe ka Q ya 100 miliyoni kali ndi ya pafupifupi 2 MHz yokha. Gulu la Kerry Vahala ku Caltech linasonyeza mu 2003 kamphete ka silica pa chip ka Q yopitirira 100 miliyoni, ndipo ta kristalo topukutidwa bwino timadutsa 1 biliyoni.

Dispersion ndiye chiyani, ndipo imaoneka bwanji m'kamphete?

M'galasi mitundu ya kuwala siyenda pa liwiro limodzi. N'chifukwa chake prism imamwaza kuwala koyera n'kutulutsa mitundu ya utawaleza. M'kamphete zotsatira zake ndi izi: chikhala kuti mitundu yonse imayenda mofanana, ma resonance akanatalikirana mofanana ngati timizere ta pa rula. Koma satero. FSR imasintha pang'onopang'ono mukamayenda kuchoka pa mtundu wina kupita pa wina.

Akatswiri amasankha resonance imodzi n'kuipatsa nambala 0, zinazo amaziwerenga ndi chilembo μ, kumtunda 1, 2, 3, kumunsi −1, −2, −3. Kenako amalemba kuti ωμ = ω0 + D1μ + D2μ²/2 + D3μ³/6, n'kumapitirira. Apa ωμ ndi frequency ya resonance ya nambala μ yochulukitsidwa ndi 2π. D1 yogawidwa ndi 2π ndiyo FSR ija. D2 ikunena kuti FSR ikusintha ndi zingati pa sitepe iliyonse. D3 ikunena mmene D2 nayo ikusinthira. Mukachotsapo ω0 ndi D1μ, chotsalacho chimatchedwa Dint, ndipo ndicho chomwe mumachiona chitajambulidwa m'malipoti ambiri: mzere wopindika ngati mbale yoyang'ana kumwamba kapena yovundikira.

D2 ikakhala pamwamba pa ziro, FSR imakula frequency ikamakwera, ndipo iyi ndiyo anomalous dispersion. Ikakhala pansi pa ziro ndi normal dispersion. Chenjerani ndi zizindikiro pano, chifukwa anthu a ma fiber amagwiritsa ntchito β2, yomwe chizindikiro chake n'chotembenuka: D2 = −cD1²β2/n, pomwe c ndi liwiro la kuwala ndipo n ndi refractive index, nambala yosonyeza mmene galasi limachedwetsera kuwala. Ophunzira ambiri ataya masiku akukangana pa nkhani yomwe inali ya chizindikiro chabe.

Magwero a dispersion ndi awiri. Ena ndi chinthu chomwe kamphete kapangidwira. Silica, mwachitsanzo, imachoka ku normal kupita ku anomalous cha pa 1270 nm. Ena ndi kaumbidwe: kutalika, kutambalala ndi kupindika kwa njira yomwe kuwala kukudutsa.

Chifukwa chiyani anthu amavutika chonchi kuti aiyeze?

Chifukwa cha frequency comb, chipeso cha kuwala. Ichi ndi kuwala kokhala ndi mitundu yambirimbiri yotalikirana mofanana ndendende, ngati mano a chipeso. John Hall ndi Theodor Hänsch analandira gawo la mphoto ya Nobel ya 2005 pa ntchito yokhudza chipesochi, koma zipangizo za nthawi imeneyo zinali zodzaza tebulo. Mu 2007 Pascal Del'Haye, Tobias Kippenberg ndi anzawo ku Max Planck Institute of Quantum Optics ku Garching anasonyeza kuti kamphete ka silica kakathiridwa laser imodzi yamphamvu kamabala chipeso pakokha. Izi zimachitika kudzera mu Kerr effect: kuwala kukachuluka kumasintha liwiro lake lomwe m'galasimo.

Mu 2014 Tobias Herr ndi anzake ku yunivesite ya EPFL mu mzinda wa Lausanne anafalitsa zoti apeza ma soliton m'kamphete ka magnesium fluoride. Soliton ndi kaphaliphali ka kuwala kozungulira m'kamphete osasintha maonekedwe, chifukwa Kerr effect ikukakokera mbali ina, dispersion ikukakokera mbali inayo, ndipo mphamvu ziwirizi zalingana. Kuti soliton yowala ibadwe pamafunika anomalous dispersion. Kukula kwa D2 ndiko kumanena kuti chipeso chitambalala motani, ndipo D3 ndi anzake ndiwo amasankha pomwe patuluke nsonga ina ya kuwala kutali ndi laser, yomwe amaitcha dispersive wave. Ofuna chipeso chofika octave yathunthu, kutanthauza kuchokera pa frequency ina kufika pa yoiposa kawiri, amadalira nsonga imeneyi. Choncho munthu amene sakudziwa Dint ya kamphete kake akungoyendera mwayi.

Kodi kusintha komwe tikufunaku n'kochepa motani?

N'kochepa kodabwitsa. Kamphete ka magnesium fluoride ka FSR ya 35 GHz kamakhala ndi D2/2π ya cha m'ma 10 kHz. Ndiye kuti mukufuna kuona kusintha kwa 10 kHz pa mtunda wa 35 GHz, pa kuwala komwe kuli pa 193 THz, pomwe resonance yeniyeniyo n'njotambalala kuposa 10 kHz imeneyo. Ta silicon nitride n'tochitirako chifundo: pa FSR ya 100 GHz D2/2π imakhala cha m'ma 1 MHz, ndipo pa 1 THz imafika ma MHz makumi angapo.

Chomwe chimatipulumutsa ndi μ² uja. Simuyeza kusiyana kwa ma resonance awiri oyandikana, mumayeza ambiri n'kuona mmene kupatukako kukuunjikirana. Ngati D2/2π ndi 10 kHz, pofika pa resonance ya nambala 100 Dint/2π yafika 50 MHz. Ngati ndi 1 MHz, pa nambala 50 pokha yafika kale 1.25 GHz. Apa ndiye pagona vuto lonse la ntchitoyi: muyenera kuyenda mtunda wautali wa ma THz angapo, koma rula yanu isaphonye ndi zoposa 1 MHz kapena ma MHz ochepa.

Bwanji osangokhulupirira nambala yomwe laser ikuonetsa, kapena optical spectrum analyzer?

Pa 1550 nm, pikomita imodzi ndi 125 MHz. Laser yabwino yosinthika mtundu ikamathamanga imatha kuphonya ndi mapikomita angapo, ndipo sithamanga pa liwiro lokhazikika. Mkati mwake muli kamota kozunguza grating, kagalasi ka timizere komwe kamasankha mtundu wa kuwala, ndipo kamotako kamanjenjemera, kufulumira ndi kuchedwa. Spectrum analyzer wamba ya grating imalekanitsa mitundu yotalikirana cha m'ma 0.02 nm, yomwe ndi 2.5 GHz. Pa kamphete ka FSR ya 1 THz mungaone chithunzithunzi cha Dint ndi zida zoterezi. Pa ka kristalo simuona kanthu.

Ndiye kuyezako kumayenda bwanji?

Pafupifupi njira zonse zimayamba mofanana. Mumatenga laser ya external cavity diode yotha kuyenda mtunda wautali osadumpha, mwachitsanzo kuchokera pa 1520 nm kufika pa 1620 nm, womwe ndi mtunda wa pafupifupi 12 THz. Kuwala kwake mumakugawa pawiri. Gawo limodzi limadutsa pafupi ndi kamphete, kudzera mu fiber yowondetsedwa, prism, kapena njira yojambulidwa pa chip pomwepo, n'kukagwera pa photodiode, kachipangizo kosandutsa kuwala kukhala magetsi. Laser ikafika pa resonance kuwala kotuluka kumatsika, ndipo pa oscilloscope, makina ojambula kukwera ndi kutsika kwa magetsiwo, pamaoneka kadzenje. Gawo linalo limapita ku rula. Oscilloscope imalemba zonse ziwiri nthawi imodzi, kenako kompyuta imasandutsa nthawi kukhala frequency pogwiritsa ntchito timizere ta rulayo.

Oscilloscope ikhale ya memory yaikulu. Mukagawa 12 THz m'madontho 10 miliyoni, dontho lililonse ndi 1.2 MHz. Kwa kamphete ka Q ya 1 miliyoni zimenezo n'zokwanira, koma ka Q ya 100 miliyoni kadzenje kake kangogwira dontho limodzi kapena awiri. Zikatero mumayenera kudula ulendowo m'zigawo.

Njira zimasiyana pa funso limodzi lokha: rulayo ndi chiyani?

Kodi interferometer ya Mach-Zehnder imagwira bwanji ntchito ngati rula?

Iyi ndiyo njira yomwe ma labu ambiri amayambira, chifukwa imangofuna fiber ndi ma coupler awiri, tizipangizo togawa ndi kuphatikiza kuwala. Kuwala kumagawidwa m'njira ziwiri, ina yaifupi ina yaitali, kenako kumakumananso. Laser ikamayenda, kuwala kotuluka kumakwera ndi kutsika motsatizana, ndipo funde lililonse likuimira mtunda wofanana wa frequency. Njira ziwirizo zikasiyana ndi mamita 10, funde limodzi ndi pafupifupi 20 MHz. Zikasiyana ndi mamita 5, ndi 40 MHz. Mumangowerenga mafunde pakati pa kadzenje kena ndi kena.

Kutalikitsa fiber kumapatsa timizere tothinana, koma fiber yaitali imamva kutentha ndi phokoso la m'chipinda. Ambiri amaiika m'bokosi lotsekedwa bwino. Komanso mafundewo akathinana kwambiri oscilloscope imalephera kuwalemba onse, ndipo mukaphonya limodzi lokha ma resonance onse otsatira asuntha.

Ndamva kuti njira imeneyi ili ndi msampha. Ndi wotani?

Msampha wake ndi woti rulayo ili ndi matenda omwewo omwe mukufuna kuyeza. Fiber ndi galasi, ndipo ili ndi dispersion yake: fiber wamba ya matelefoni ili ndi pafupifupi 17 ps/nm/km pa 1550 nm, kapena kuti β2 ya cha m'ma −22 ps²/km. Ndiye kuti timizere ta interferometer sititalikirana mofanana. Mukatiwerenga ngati tofanana, pofika 6 THz kuchokera pakati mwaphonya ndi pafupifupi theka la GHz. Kufupikitsa kapena kutalikitsa fiber sikuchotsa vutoli, chifukwa kuphonyako kumadalira mtundu wa fiber osati kutalika kwake.

Taganizirani kamphete ka silica ka mamilimita atatu kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, ka FSR ya 22 GHz. D2/2π yake ndi ma kHz khumi ndi angapo. Mukawerengera kupindika komwe fiber ya interferometer ikubweretsa pa masitepe a 22 GHz omwewo, mupeza pafupifupi 14 kHz. N'zosadabwitsa, popeza zonse ndi silica. Munthu wosadziwa angayeze n'kupeza mzere pafupifupi wowongoka, n'kulengeza kuti kamphete kake kalibe dispersion, chonsecho wangoyerekeza galasi ndi galasi linzake.

Choncho interferometer iyenera kuyezedwa kaye payokha. Ena amayeza FSR yake pa malo angapo pogwiritsa ntchito modulator ndi siginolo ya wailesi ya frequency yodziwika bwino, ena amaiyerekeza ndi frequency comb kamodzi n'kusunga zotsatirazo. Kungotenga nambala ya pa pepala la wogulitsa fiber kumathandiza pa silicon nitride ya D2 yaikulu, koma pa timphete ta D2 yaing'ono ine sindingakhutire nazo. Ma coupler ndi tizidutswa ta fiber tolumikizira natonso timalowa m'masamuwo.

Nanga njira yogwiritsa ntchito frequency comb ngati rula?

Iyi inafotokozedwa ndi Del'Haye ndi anzake mu 2009 m'magazini ya Nature Photonics, ndipo mpaka pano njira zina zimayerekezedwa ndi imeneyi. Iwo anafika pa kulondola kosaphonya ndi 1 MHz pa mtunda woposa 4 THz.

Mumatenga chipeso cha fiber laser, chomwe mano ake amatalikirana mwachitsanzo 250 MHz, ndipo mtunda umenewu umamangiriridwa ku wotchi yodalirika. Laser yanu yoyendayo mumaisakaniza ndi chipesochi pa photodiode. Mitundu iwiri yoyandikana ikakumana imabala kugunda kwa magetsi, beat note, komwe frequency yake ndi kusiyana kwa iwiriyo. Laser ikamayandikira dzino kugundako kumatsika, ikalidutsa kumakweranso. Tsono mumaika masefa awiri a magetsi opyapyala, iliyonse yolola frequency imodzi yokha kudutsa. Nthawi iliyonse yomwe kugundako kwafanana ndi sefa, pa oscilloscope pamatuluka kansonga. Sefa imodzi imapereka tinsonga tiwiri pa dzino lililonse, kena laser isanafike kena itadutsa, choncho masefa awiri amapereka tinayi. Pa ulendo wa 12 THz mumadutsa mano pafupifupi 48,000, ndiye kuti tinsonga toposa 190,000, ndipo kalikonse malo ake ndi odziwika.

Ubwino wake waukulu ndi woti rula imeneyi ilibe dispersion. Fiber yomwe chipeso chadutsamo ingachedwetse mitundu ina, koma singasunthe malo a mano. Komanso pofuna D2 simufunika kudziwa frequency yeniyeni ya dzino loyamba, bola isamayendeyende pa nthawi yoyezayo.

Zovuta zake n'ziwiri. Chipeso chokhazikika bwino n'chodula, ndipo labu yomwe ikungoyamba singakhale nacho. Chachiwiri, m'mbali mwa chipeso momwe mano ndi ofooka tinsonga timasowa, ndipo pulogalamu yowerengera ikadumpha dzino limodzi ma resonance onse otsatira amasuntha ndi 250 MHz. Izi zimaoneka ngati sitepe pa Dint. N'chifukwa chake masefa awiriwo amasankhidwa kuti tinsonga tisatalikirane mofanana: kandondomeko kake kakasokonekera mumadziwa kuti penapake pasowa kanthu. Ambiri amalembanso interferometer pambali kuti iwathandize kudzaza mipata ya pakati pa tinsonga.

Kodi botolo la gasi lomwe ena amagwiritsa ntchito pamodzi ndi interferometer ndi la chiyani?

Interferometer imakuuzani kuti mwayenda mtunda wotani, koma sikuuzani pomwe munayambira. Gasi ndiye amapereka poyambira. Mamolekyulu amameza kuwala pa ma frequency okhazikika omwe anayezedwa kale mosamala. Bungwe la NIST la ku United States linakonza miyezo ya acetylene, ya pakati pa 1510 ndi 1540 nm, ndi ya hydrogen cyanide, ya pakati pa 1530 ndi 1565 nm. Mizere ya gasi n'njotambalala ma MHz mazanamazana ndipo n'njotalikirana kwambiri, choncho payokha singakhale rula ya dispersion. Koma pothandizana ndi interferometer imagwira ntchito zazikulu: kudziwa malo enieni, kuona ngati mwaphonya funde, ndi kulumikiza maulendo a ma laser awiri osiyana.

Sideband spectroscopy ndiye iti?

Apa rula ndi jenereta ya siginolo ya wailesi. Laser imadutsa mu electro-optic modulator yomwe imaibalira timitundu tiwiri m'mbali mwake, kena kumtunda kena kumunsi, totalikirana nayo ndi frequency ya jeneretayo ndendende. Mukasintha jenereta mpaka kufika pa FSR ya kamphete, laser ikalowa mu resonance imodzi timitundu tam'mbalito timalowa mu zoyandikana nazo nthawi yomweyo, ndipo timaenje tawo timagwera pamodzi. Pamenepo FSR mumangoiwerenga pa jenereta. Mukabwereza pa malo angapo mumaona mmene FSR ikusinthira, ndipo imeneyo ndiyo D2. Jiang Li, Hansuek Lee, Ki Youl Yang ndi Vahala anafotokoza njira yotere mu 2012.

Ndi njira yolondola kwambiri, ndipo sifuna chipeso. Koma imagwira pa timphete tomwe FSR yake modulator ingaifike, kutanthauza ma GHz makumi angapo. Pa 1 THz iwalani. Imadyanso nthawi, chifukwa mumayeza malo amodziamodzi, ndipo zomwe zili pakati pa malowo simuziona.

Laser iyende mofulumira motani, ndipo ikhale yamphamvu bwanji?

Mphamvu ikhale yochepa momwe photodiode ingalolere. Kuwala kukachuluka m'kamphete kumakatenthetsa, resonance imathawira ku frequency yotsika, ndipo kadzenje kamasanduka ka makona atatu kopendekera mbali imodzi. Mukayenda kulowera komwe ikuthawirako kadzenje kamatambalala, mukabwerera kamapyapyala. Njira yosavuta yodziwira ndi kuyenda mbali zonse ziwiri n'kuyerekeza. Zikasiyana, chepetsani mphamvu.

Liwiro lili ndi malire mbali zonse. Mukafulumira kwambiri kuwala sikupeza nthawi yodzaza kamphete. Tengani ka Q ya 1 biliyoni: resonance yake n'njotambalala pafupifupi 200 kHz ndipo kuwala kumakhalamo pafupifupi 0.8 µs. Laser yoyenda 10 nm pa sekondi imadutsa 1.25 MHz pa µs iliyonse, ndiye kuti yadutsa resonance yonse kuwala koyambako kusanatuluke. Kotsalirako kumagundana ndi kwatsopano ndipo m'malo mwa kadzenje mumaona mchira wonjenjemera. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma kudekhako kukapyola muyeso kutentha kwa m'chipinda kumakupezani. Pa silica ndi silicon nitride resonance imasuntha ndi zoposa 1 GHz pa digiri imodzi, choncho gawo limodzi mwa magawo 1,000 a digiri ndi 1 MHz kale. Chotonthoza n'choti kutentha kukamakwera mofanana pa ulendo wonse, kuphonyako kumagwera makamaka pa D1. Koopsa ndi kutentha kokwera ndi kutsika, ngati komwe makina oziziritsa chipinda amabweretsa akamayaka ndi kuzima, chifukwa kumeneko kumapinda mzere n'kulowa mu D2.

Dint yanga yatuluka ndi mabampu m'malo mwa mzere wosalala. Ndalakwitsa pati?

Mwina simunalakwitse. Kamphete sikakhala ndi banja limodzi la ma resonance. Kuwala kungazungulire m'maonekedwe osiyanasiyana, ndiponso m'ma polarization awiri, TE ndi TM, ndipo banja lililonse lili ndi FSR yake. Popeza ma FSR ndi osiyana, penapake resonance ya banja lina imakumana ndi ya linzake pa frequency imodzi. Zikakhala kuti zimakhudzana, zimakankhana, ina kukwera ina kutsika. Pa Dint pamaoneka madontho angapo opatukira kumwamba kenako ena pansi. Akatswiri amati avoided mode crossing. Ndi chinthu chenicheni, ndipo chingalepheretse soliton kubadwa ngati chili pafupi ndi pomwe mukuthira laser. Komanso m'timphete ta normal dispersion anthu amagwiritsa ntchito mabampu omwewa dala kuti chipeso chiyambe.

Kusiyanitsa bampu lenileni ndi kuphonya kwa rula sikovuta. Bampu lenileni limabwerera pa mzere, limaonekanso m'banja linalo motembenuka, ndipo limasuntha mukasintha kutentha. Kuphonya kwa rula ndi sitepe yosabwerera, imagwira mabanja onse pa malo amodzi mofanana, ndipo kukula kwake kumafanana ndi mzere umodzi wa rula yanu.

Polekanitsa mabanja, dulani ulendo wonse m'zidutswa zotalika ngati FSR yomwe mukuiyembekezera n'kuzisanja china pambali pa chinzake. Banja lomwe FSR yake yafanana ndi kadulidweko limaoneka ngati mzere wogona, enawo ngati mizere yopendekera. Pa timphete ta kristalo, tomwe timakhala ndi mabanja ambirimbiri, chithunzi chimenechi ndicho chimakutulutsani m'nkhalango. Powerengera D2 chotsani madontho a pa mabampu, koma m'lipoti asonyezeni.

Palinso timaenje togawika pawiri. Timabwera pomwe kukhakhala kwa khoma la kamphete kukubweza kuwala kwina kuti kuzungulire chobwerera. Apa musatenge pomwe pazama kwambiri ngati pakati pa resonance. Gwiritsani ntchito masamu a resonance yogawika, apo ayi madontho anu azingodumphadumpha.

Ndingayeze D3 ndi D4 ndi laser imodzi?

D3 mwina, D4 kawirikawiri ayi. Pa kamphete ka 1 THz ulendo wa 12 THz ukupatsani ma resonance 12 kapena 13 okha, ndipo pa madontho ochepa chonchi masamu angakupatseni nambala iliyonse yomwe mwapempha. Mukaona kuti D2 ikusintha kwambiri mukawonjezera D4 m'masamu, dziwani kuti mtunda wanu ndi waufupi. Yankho ndi kulumikiza ma laser angapo. Mu 2016 Junqiu Liu ndi anzake ku EPFL analumikiza atatu n'kuyeza kuchokera pa 1355 nm kufika pa 1630 nm mothandizidwa ndi chipeso. Polumikizirapo pamafunika kuti maulendowo alowane pang'ono, ndipo pakhale chizindikiro chomwe onse akuchiona, monga mzere wa gasi kapena laser ina yokhazikika.

Popeza kompyuta imatha kuwerengera dispersion, kuyezako n'kofunikadi?

Kompyuta imawerengera kamphete komwe munajambula, osati komwe kanatuluka m'fakitale. Pa silicon nitride, kuti mupeze anomalous dispersion pa 1550 nm njira ya kuwala iyenera kukhuthala cha m'ma 700 nm kapena kuposerapo, ndipo kusiyana kwa manamomita ochepa pa kukhuthalako kumasuntha dispersive wave mooneka. Makoma satuluka oongoka ndendende, kukhuthala kumasiyana pakati ndi m'mphepete mwa wafer (mbale yomwe ma chip amadulidwamo) imodzi yomweyo, ndipo refractive index imadalira mmene filimuyo inaphikidwira mu ng'anjo. Opanga odziwa ntchito amayeza timphete tambiri, n'kubwerera ku kompyuta kukakonza manambala awo mpaka agwirizane ndi zomwe apeza, kenako n'kujambula wafer yotsatira.

Kodi dispersion yoyezedwa ndi kuwala kofooka ndi yomweyo yomwe soliton imaiona?

Pafupifupi, koma osati ndendende. Kamphete kakatentha ndi laser yamphamvu ma resonance onse amasuntha, FSR imasintha pang'ono, ndipo D2 sisintha kwenikweni. Chomwe chimasuntha moonekera ndi mabampu aja, chifukwa mabanja awiri samva kutentha mofanana. Bampu lomwe munaliona pa nambala 12 kamphete kali kozizira mungalipeze pa 11 kapena 13 chipeso chikayaka.

Ndiye ndisankhe njira iti?

Yambani ndi kuwerengera Dint yomwe mukuiyembekezera kumapeto kwa ulendo wa laser yanu, kenako muiyerekeze ndi theka la GHz lija la fiber. Ngati Dint yanu ndi ma GHz makumi angapo, interferometer ya fiber yokonzedwa ndi β2 yodziwika, pamodzi ndi botolo la hydrogen cyanide, ikukwanirani. Ngati ikufanana ndi theka la GHz kapena kuchepera apo, monga zimakhalira pa silica ndi magnesium fluoride, interferometer iyezedwe kaye ndi siginolo ya wailesi kapena ndi chipeso, ndipo ngati FSR ili m'munsi mwa 40 GHz tsimikizirani malo awiri kapena atatu ndi sideband spectroscopy. Amene ali ndi chipeso m'labu yoyandikana nayo achibwereke tsiku limodzi, ayeze interferometer yake pa mtunda wonse wa laser, aitsekere m'bokosi, ndipo asadzasinthenso ngakhale kachidutswa kamodzi ka fiber mkatimo popanda kuyezanso.